Akudziwa njira yonse ya khansa, koma safunsidwa

Kunja sikunayere bwino, nkhungu idakali yokuta mapiri a Ntchisi. Njinga yamoto ya kabaza ikutsetsereka pang'onopang'ono mumsewu wafumbi wolowera ku boma. Pakwera anthu atatu.

Pakati pali mayi wa zaka za m'ma 40, wafunda zitenje ziwiri, masaya alowa. Kumbuyo kwake kuli mng'ono wake. Dzanja limodzi wagwira mkulu wakeyo m'chiuno, linalo wapanira chidebe. M'chidebemo muli kapoto, mthiko, ufa wa m'jumbo, nyemba pang'ono ndi sopo wodula pakati. Kabuku ka kuchipatala akakulunga m'pepala la shuga n'kukapisa pachifuwa.

Njinga ikagunda mwala, wodwala akuluma mlomo. Mng'ono uja akudandaulira wakabaza kuti achimwene chonde, muziyenda bwino, muli ndi matenda.

Ulendowu ndi wa ku chipatala cha Kamuzu Central, ku Lilongwe, ndipo si woyamba.

Akafika pa boma adikira minibasi kuti idzaze. Kuchoka apo ndi Mponela, kenako msewu wa M1, kudutsa Mtengowanthenga, Lumbadzi, Kanengo mpaka m'tauni. Ndalama ya ulendowu yachokera ku thumba la soya lomwe banja lidasungira feteleza. Ya ulendo wathawu idachokera pa mbuzi.

Mng'onoyu ndiye gadiyani.

Za udokotala sadaphunzire, sukulu adalekezera ku pulayimale. Koma mufunseni za matendawa, akuyalirani zonse. Akukumbuka mwezi womwe mkulu wake adayamba kutaya magazi osakhala a kumwezi. Akukumbuka nthawi yomwe idatha akumwa mankhwala a matenda ena. Tsiku lomwe adadula kachidutswa ka mnofu kuti akayeze akulidziwa, ndi maulendo omwe adayenda zotsatira zisanatuluke. Akudziwa mankhwala omwe amasanzitsa, phala lomwe limakhazikika m'mimba, ndi nthawi ya usiku yomwe ululu umafika posauzana.

Dokotala wa ku Lilongwe amaona wodwala kwa mphindi zingapo. Namwino wa kuchipatala chaching'ono adamuona poyambirira pokha. Amene waona zonse, kuyambira pakhomo mpaka pabedi, ndi mayi wachidebeyu.

Komatu kumene kumakambidwa za momwe chithandizo cha khansa chingayendere bwino, mpando wake kulibe.

Amayi 8 pa tsiku

Dziko la Malawi lili m'gulu la mayiko omwe khansa ya khomo la chiberekero ikupha amayi kwambiri padziko lonse. Ziwerengero za 2020 za nthambi yoona za khansa ya bungwe la WHO zidaonetsa kuti amayi oposa 4,100 amapezeka ndi khansayi chaka chilichonse, ndipo pafupifupi 2,900 amamwalira nayo.

Amenewo ndi amayi pafupifupi 8 tsiku lililonse.

Mayi yemwe ali ndi kachilombo ka HIV ali pachiopsezo cha khansayi chochuluka kasanu ndi kamodzi poyerekeza ndi mnzake yemwe alibe. Palinso khansa ya kummero, yomwe imamuletsa munthu kumeza nsima, kenako phala, kenako ndi madzi omwe. Pali khansa ya pakhungu ya Kaposi, ya m'mawere, ya prostate kwa abambo, komanso ya Burkitt yomwe imatupitsa nsagwada kapena mimba za ana.

Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 770,000 m'boma la Dowa ndi oposa 310,000 ku Ntchisi. Zipatala zilipo: za boma ku Dowa, ku Ntchisi ndi ku Mponela, za mishoni monga Madisi ndi Mtengowanthenga, ndi zing'onozing'ono zomwazikana kwa Kayembe, kwa Dzoole, ku Malomo, kwa Nthondo ndi madera ena. Koma munthu akapezeka ndi khansa yeniyeni, chithandizo chachikulu chimakhala ku Kamuzu Central.

Tisanyoze zomwe zachitika. Katemera wa HPV, woteteza atsikana ku kachilombo koyambitsa khansa ya khomo la chiberekero, adayesedwa ku Rumphi ndi ku Zomba kuyambira mu 2013, ndipo mu Januwale 2019 adafalikira dziko lonse kwa atsikana a zaka 9. Amayi a zaka za pakati pa 25 ndi 49 akulimbikitsidwa kukayezetsa. Kuyezako n'kwa mphindi zochepa, amapaka viniga pakhomo la chiberekero n'kuona ngati pali poyera. Chipatala cha Nkhoma chidaonetsa kuyambira mu 2013 kuti mayi akhoza kuyezedwa ndi kuthandizidwa tsiku lomwelo ndi kachipangizo kotentha, zizindikirozo zisanasanduke khansa.

Kwa zaka zambiri, wofunika makina owotcha khansa amayenera kutumizidwa kunja, ku India, ku Tanzania, ku Zambia kapena ku Kenya, ndipo ambiri adatsikira kuli chete dzina lawo lili pamndandanda. Mu 2024 chipatala chomwe si cha boma cha International Blantyre Cancer Centre chidayamba kupereka chithandizochi muno. Mu 2025 boma lidatsegulira malo ake othandizira khansa pa Kamuzu Central, ndi makina omwe.

Imeneyi ndi nkhani yabwino, ndipo anthu a ku Dowa ndi Ntchisi ali pafupi ndi makinawo kuposa a ku Chitipa kapena ku Nsanje.

Koma makina sakwera phiri. Amathandiza amene wafika, ndipo wafika nthawi yabwino.

Pomwe odwala amatayikira

Khalani pansi ndi magadiyani madzulo, pomwe akusonkha moto kuseri kwa mawodi, mumva nkhani zofanana ngakhale anthuwo sadziwana.

Choyamba n'kuchedwa. Mayi akayamba kuona zachilendo kumusi, sathamangira kuuza anthu. Amachita manyazi. Ena amayamba apita kwa asing'anga poganiza kuti pali dzanja la munthu, ena kumapemphero. Akafika kuchipatala chaching'ono, nthawi zina zizindikirozo zimatengedwa ngati za matenda opatsirana pogonana. Amwa mankhwala, abwerera, amwanso. Miyezi ikupita.

Kenako pali kudikira zotsatira. Mawu oti "sizinabwere, mubwerenso" ndi opepuka kwa wowanena. Kwa banja la kwa Kasakula kapena kwa Chiwere, mawuwo ndi kabaza popita ndi pobwera, minibasi ya anthu awiri, ndi tsiku lathunthu munda uli wokha. Ukawamva kawiri katatu, mbuzi zatha m'khola. Ulendo wachinayi sukhalapo.

M'mabuku a chipatala munthu wotere amalembedwa kuti adasiya yekha chithandizo.

Sadasiye. Ndalama idatha.

Madokotala ndi anamwino athu ndi ochepa, ndipo ambiri akugwira ntchito mopyola mphamvu zawo. Palibe amene amadzuka m'mawa kuti akazunze wodwala. Vuto n'loti yemwe ali mkati mwa chipatala amaona chipinda chake chokha. Woyeza mnofu sadziwa mtengo wa kabaza nthawi ya dzinja, pomwe misewu ya m'mapiri imaterera. Wolemba tsiku lobweranso sadziwa kuti tsikulo lagwa m'sabata yomwe banja likubzala soya kapena kusoka fodya, ndipo pakhomo palibe wina wotsala.

Gadiyani amadziwa. Akadafunsidwa, akadanena kuti zotsatira zikatuluka, chipatala chiimbe foni kapena chiuze mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo, m'malo moti wodwala aziyendera mphepo. Akadanena kuti kuyeza magazi, kuonana ndi dokotala ndi kulandira mankhwala zikhale tsiku limodzi. Akadafunsa ngati ambulansi yopita ku Lilongwe singatengeko odwala khansa a tsikulo pakakhala malo.

Zimenezi sizifuna makina ochokera kunja. Zimafuna khutu.

Palinso nkhani ya chilankhulo cha kuchipatala. Odwala ambiri amatuluka m'chipinda cha dokotala osamvetsa kuti matenda afika pati. M'kabuku mwalembedwa Chingerezi cha madokotala, ndipo kufunsa amaopa kuti aoneka amwano. Ena amauzidwa kuti ali ndi chotupa basi. Nthawi zina achibale amauzidwa zoona n'kugwirizana zomubisira mwini wake, poopa kuti ataya mtima. Mayi amamwalira asanakonze za ana ake, asananene za munda wake. Ku Dowa konkuno kuli msasa wa Dzaleka, komwe anthu ambiri amalankhula Chiswahili, Chinyarwanda, Chirundi ndi Chifalansa. Ngati mwana wa m'mudzi muno akuvutika kumva, kuli bwanji mayi wochokera ku Congo?

Ntchito yopanda malipiro

Tiyeni tinene chilungamo: zipatala zathu zimayenda chifukwa cha magadiyani. Ndiwo amasambitsa wodwala, kumutembenuza, kumudyetsa, kutaya zonyansa, ndi kuthamangira namwino dilipi ikatha usiku. Amagona pansi pa bedi, m'makonde kapena m'shedi ya magadiyani. Ambiri ndi amayi. Kumudzi asiya ana ndi agogo, ndipo nthawi zambiri mtsikana wamkulu amajomba kusukulu kuti aziphikira azing'ono ake.

Ntchito yowawitsitsa imayamba wodwala akabwezedwa kunyumba.

Khansa ya khomo la chiberekero ikakula imatulutsa madzi afungo. Mayi amasiya kupita kutchalitchi, kuchigayo ndi kumaliro. Amadzitsekera m'nyumba. Gadiyani ndiye amachapa zitenje katatu pa tsiku, madzi akutunga kumjigo wakutali, sopo akusowa. Alibe magolovesi, ena amavala timajumbo m'manja. Palibe adamuphunzitsa kutsuka bala kapena kumutembenuza wodwala kuti asatuluke zilonda kumsana. Amaphunzira yekha, pa thupi la m'bale wake.

Ndiye pali ululu. Mankhwala a mofini a madzi alipo m'dziko muno, ndipo kuyambira mu 2014 boma lili ndi ndondomeko ya chisamaliro cha odwala matenda osachizika. Bungwe la Palliative Care Association of Malawi lakhala likuphunzitsa ogwira ntchito zachipatala pa nkhaniyi. Koma botolo likatha pakati pa mwezi, munthu wa kuseri kwa phiri ayenera kuyendanso ulendo wautali kukatenga lina. Mabanja ena amawaopanso mankhwalawa, amati ndi omalizitsa munthu. Si zoona. Akamwedwa motsatira malangizo, amamupatsa wodwala mpata wogona, wodya ndi wocheza ndi ana ake.

Amene angatsimikizire banja lina za ichi ndi gadiyani yemwe adaona m'bale wake akupeza tulo atabuula kwa sabata zingapo.

Kumusi kwa mapiri omwewa, ku Salima, kuli umboni wa zomwe zimachitika wosamalira wodwala akakana kukhala chete. Mayi Lucy Finch, omwe ndi namwino, ankadwazika m'bale wawo m'chipatala pomwe adamva mnyamata wina akufa ndi ululu wosaneneka, popanda mankhwala opha ululuwo. Kulira kumeneko sikudawachoke. Mu 2007 adatsegula malo a Ndi Moyo, omwe amasamalira odwala otere ndi kuwayendera m'makomo, komanso kuphunzitsa ogwira ntchito zachipatala ochokera m'maboma ena.

Maganizo amenewo sadabadwire mu ofesi. Adabadwira pambali pa bedi.

Tidachitapo kale

Amene akuti anthu a kumudzi sangathandize kukonza ntchito zachipatala aiwala msanga mbiri ya Edzi.

M'zaka za m'ma 1990, maliro ali mbwee, anthu omwe anali ndi kachilomboka adayamba kudzisonkhanitsa okha. Bungwe la NAPHAM lidabadwa nthawi imeneyo. Mankhwala a ma ARV atayamba kuperekedwa mwaulere mu 2004, padapezeka kuti mapiritsi okha sakwanira. Padafunika anthu omwe akumwa kale mankhwalawo kuti akhale pachipatala, alandire anzawo atsopano, awalimbitse mtima, ndipo wina akasowa amulondole mpaka kwawo. Magulu othandizana adafika m'midzi. Anthu omwe kale ankalozedwa zala adayamba kukhala nawo pamisonkhano ya boma, kunena zomwe zikuvuta.

Akuluakulu adati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Pa Edzi tidawalola omva m'mimbawo kutsekula, ndipo miyoyo idapulumuka.

Pa khansa tidakali kumbuyo. Mabungwe alipo, monga Cancer Association of Malawi ndi Women's Coalition Against Cancer lotsogozedwa ndi Mayi Maud Mwakasungula, ndipo mawu awo amamveka pawailesi ndi m'nyuzipepala, makamaka pa 4 Febuluwale, tsiku loganizira za khansa padziko lonse. Koma mawu amenewa amveka kwambiri m'mizinda. Kumapiri, munthu wochira khansa amabwerera mwakachetechete, ndipo mudzi umangokumbukira amene adabwera m'bokosi.

N'chifukwa chake mphekesera zili ndi mphamvu. Ena amati ukapita ku Central ndi khansa subwerako. Ena amati chotupa chikakhudzidwa ndi mpeni chimafalikira. Ena amati katemera wa atsikana ndi woumitsa chiberekero, ena amati chida choyezera chimapweteka kapena amachotsa nacho chiberekero. Namwino akhoza kutsutsa zonsezi pa sikelo mpaka mawu kusasa. Koma akaimirira mayi wa m'mudzi momwemo, wodziwika kuti ndi mkazi wa uje, n'kunena kuti ine ndidayezetsa, adandipeza nazo, adandithandiza, ndine pano ndikulima, amayi amayamba kufunsa tsiku loyeza.

Abambo nawonso asasiyidwe kunja. M'mabanja ambiri ndalama ya fodya ndi soya imasungidwa ndi bambo, ndipo ulendo wa kuchipatala umadikira mawu ake. Mayi akathandizidwa pakhomo la chiberekero amauzidwa kuti apume kaye kwa sabata zingapo osakhala malo amodzi ndi mwamuna. Bambo wosauzidwa chifukwa chake amakwiya kapena kukayikira. Alipo abambo omwe adathawa akazi awo atadwala. Aliponso omwe adasenza chidebe, nagona pakhonde la chipatala, nachapa zitenje anzawo akuwaseka. Amenewa ndi aphunzitsi omwe tikuwataya. Mawu awo pabwalo la mfumu angafike pomwe chikalata chomata pakhoma sichifika.

Mipando ilipo

Chopweteka n'choti njira zomvera anthu zidakhazikitsidwa kale. Zipatala zing'onozing'ono zili ndi makomiti a anthu a m'dera. Midzi ili ndi makomiti a zaumoyo. Mu 2018 zipatala za boma zidayamba kukhala ndi ma ombudsman olandira madandaulo a odwala. Palinso ndondomeko ya dziko yolimbana ndi khansa ya zaka za 2019 mpaka 2029.

Koma taonani amene amakhala m'makomitiwo. Kawirikawiri ndi anthu olemekezeka a m'dera, akuluampingo, aphunzitsi opuma, oimira mafumu. Ndi anthu abwino, ndipo amathandiza pa nkhani za mankhwala osowa, nyumba za anamwino ndi ukhondo. Koma ndi angati mwa iwo adagonapo pansi pa bedi la wodwala khansa kwa mwezi?

Kudandaula nakonso si kophweka. Munthu yemwe mawa akabwereranso kwa namwino yemweyo amaopa kutchula vuto. Bokosi loponyamo maganizo limafuna wodziwa kulemba. Choncho wodwala amathokoza, n'kutuluka, zowawa n'kupita nazo kwawo.

Kumva odwala si kudikira kuti adandaule. Ndi kuwaitana zinthu zisanakonzedwe, kuwafunsa m'Chichewa, pamalo omwe ali omasuka, kuwabwezera ndalama ya ulendo, kenako kubweranso kudzawauza zomwe zasintha chifukwa cha mawu awo. Kupanda gawo lomalizali, anthu amatopa. Aitanidwapo kambiri kumisonkhano, kujambulidwa zithunzi, kupatsidwa botolo la zoziziritsa kukhosi, nkhani n'kuthera pomwepo.

Ena anena kuti wodwala khansa ndi wofooka, musamusenzetse misonkhano. Zoona, si aliyense angathe, ndipo asakakamizidwe. Koma alipo ochira omwe akufunitsitsa kuti anzawo asadutse momwe iwo adadutsa. Alipo magadiyani omwe adaika m'bale wawo m'manda ndipo nzeru zonse zomwe adazipeza movutikira zangokhala m'mutu, popanda wozifuna. Kuwaitana n'kuwalemekezanso pa ntchito yomwe adagwira popanda wowathokoza.

Bungwe la WHO lidaika malire oti pofika 2030, atsikana 90 mwa 100 alionse akhale atalandira katemera wa HPV, amayi 70 mwa 100 akhale atayezedwa, ndipo 90 mwa 100 opezeka ndi vuto alandire chithandizo. Gawo lachitatuli silingatheke ngati amayi akupitiriza kusowa pakati pa chipatala chaching'ono ndi Lilongwe, popanda wofunsa chomwe chawabweza.

Akuluakulu a zaumoyo ku makhonsolo a Dowa ndi Ntchisi safunika kudikira lamulo latsopano kapena thandizo lakunja kuti ayambepo. M'komiti iliyonse ya chipatala mukhale wochira khansa mmodzi ndi gadiyani mmodzi, ndipo nkhani ya khansa ikhale ndi nthawi yake pamsonkhano. Wodwala asatulutsidwe m'chipatala womusamalira asanaphunzitsidwe kutsuka bala ndi kumwetsa mankhwala opha ululu. Mafumu a kwa Msakambewa, Chakhaza, Kalumo, Chilooko ndi anzawo apereke mpata pamabwalo awo kuti anthuwa alankhule, ndipo mipingo ndi mizikiti ichite chimodzimodzi.

Ndipo inu amene mudadwazikapo khansa, kapena mudachira, musadikire kuitanidwa. Funsani mlangizi wa zaumoyo wa kwanuko tsiku lomwe komiti ya chipatala imakumana, mutengane awiri kapena atatu, mupite mukanene zomwe mudaona.